Poti ya buluu ija inkatinamiza

## Magetsi akabwera, pulinta yasowa

Alamu anga ali ndi kashopu kopulinta ndi kufotokopa ku Kalingalinga mu Lusaka, makasitomala awo ambiri ndi ana a pa yunivesite ya UNZA amene amabwera ndi ntchito zawo pa flash kapena pa WhatsApp, nthawi zonse mochedwa, nthawi zonse akupuma mwawefuwefu. Ine ndine uja wa pabanja amene amati "amadziwa makompyuta", ndiye mukudziwa kale mmene zimakhalira, chilichonse chokhala ndi nthambo chikavuta foni imalira kwa ine, ngakhale firiji. Nkhani iyi ndi ya rauta ya mushopumo, bokosi logawa intaneti ku makina onse, ndi mmene Linux imayendetsera mabowo a makebulo amene ali kumbuyo kwake.

Mu 2024 muja madzi atachepa ku Kariba, pamene magetsi anafika pomabwera maola 3 okha pa tsiku, alamu anagula kajenereta. Ndiye shopu inkangosinthasintha, pano magetsi, pano jenereta, mafuta atha, yazima, yayakanso. Malaputopu awiri a kumbuyo ali ndi mabatire awo, pulinta yaikulu ndi kompyuta ya pa kauntala zili pa invata, kabokosi ka kampani ya intaneti kanabwera ndi kabatire kake. Chimene chinkafa chokha pa kusintha kulikonse ndi rauta, ija anagula yogwiritsidwa kale ntchito mtauni cha ku Katondo Street, ya tinyanga tinayi, dzina lake ngakhale mutalisaka pa Google simupezapo zambiri.

Rauta ikazima n'kuyakanso, pulinta inkasowa pa netiweki. Malaputopu aja ankaonetsa kuti kebulo ili bwinobwino koma intaneti njee. Mankhwala amene anadzipezera okha anali kuzula makebulo onse n'kuwabwezeretsa limodzilimodzi, zikatero zimagwira, mpaka kusintha kwina. Kugula kabatire ka rautayo kukanabisa vutoli, inde, koma alamu anati ndalama iliyonse manje ikupita ku petulo, ndipo ine pandekha chinkandisowetsa mtendere ndi funso lakuti kebulo yozula n'kubwezeretsa ikukonza chiyani kwenikweni.

## Ankolo, yanga sivuta

Loweruka lina madzulo ndinakhala mushopumo kudikira kuti zichitike ndili pomwepo. Zitachitika ndinathamangira pa laputopu imodzi kuona adiresi imene yatenga. Rauta yathu imagawa ma adiresi oyamba ndi 192.168.1, koma laputopu inali ndi yoyamba ndi 192.168.100. Pulinta chimodzimodzi. Ma adiresi amenewo amachokera ku kabokosi ka kampani ya intaneti, kamene kali kunja kwa rauta, kolumikizidwa pa bowo la buluu, poti yolembedwa WAN, yolowera intaneti ya kunja. Zinthu za m'kati siziyenera kulankhula ndi kabokosi kameneko mwachindunji ngakhale pang'ono, ntchito yonse ya rauta ndi kuima pakati.

Ndili mkati modandaula ndekha, mtsikana wa pa kauntala, amene anali phee kuwerenga ndalama za tsikulo, anangoti, "Ankolo, koma yanga iyi sivuta. Amazula zonse chabe chifukwa anazolowera, yanga siinavutepo."

Ndinamufunsa kuti kebulo yake ili pa bowo liti. Anati lomaliza pa mabowo anayi a LAN, a zinthu za m'kati, lakumapeto, chifukwa ndi yaifupi siifika kwina. LAN4.

Alamu anaseka, "Alamu, ndiye kuti mabowo enawo anapsa basi, tigule ina." Koma bowo lopsa silingakupatse adiresi ya kwa eni intaneti. Mabowo atatu ankadutsitsa zinthu zosayenera kudutsa, limodzi ayi, ndipo izi zinkachitika nthawi yoyaka yokha. Ndinapempha kuti ndinyamule rautayo kunyumba, iwo agwiritse kaye foni ngati hotspot. Anavomera monyinyirika.

Kunyumba ndinamasula tizikuluwu tobisika pansi pa timiyendo ta labala. Pakati pa bolodi panali chip ya MediaTek MT7621, ndipo chapambali timabowo tinayi pamzere, malo a serial, polumikizira laputopu kuti uziona zimene bolodi ikulemba ikamayaka. Ndinawotcherera mapini atatu, GND, TX ndi RX, la 3.3V lija simulumikiza, n'kuika ka adaputala ka USB kopita ku laputopu, liwiro 57600 monga amachitira mabolodi ambiri a banja limeneli. Nditayatsa, malemba anayamba kutsika pa sikirini, U-Boot, bootloader yake, kapulogalamu koyamba kudzuka magetsi akalowa, ikudzitchula dzina, kukula kwa RAM, mtundu wa flash, kenako mizere iwiri yaifupi:

#Reset_MT7530
set LAN/WAN LLLLW

Zilembo zisanu, mapoti asanu. Bootloader ikunena kuti mapoti 0, 1, 2 ndi 3 a chip ndi a gulu limodzi la LAN, ndipo poti 4 ndiyo WAN, iikidwe payokha. Koma amene anajambula bolodi iyi anaika poti ya buluu mbali inayo, pa poti 0. Ndiye pa masekondi onse aja kuchokera pamene magetsi alowa mpaka firmware, pulogalamu yaikulu ya rauta yokhala ndi Linux mkati, itadzuka bwinobwino, WAN yeniyeni inali mu gulu limodzi ndi LAN1, LAN2 ndi LAN3, ndipo imene inkatetezedwa ngati WAN inali LAN4, kompyuta ya mtsikana uja. Malaputopu akangoona kuti kebulo yadzuka amapempha adiresi nthawi yomweyo, woyankha yekhayo pa nthawiyo ndi kabokosi ka kampani, amatenga. Firmware ikafika imakonza magulu mwakachetechete osagwetsa link, ndiye palibe chimene chimauza laputopu kuti adiresi yako yatha ntchito, pempha ina. Kuzula kebulo kuja kunali kuikakamiza kupemphanso.

Ndinakhala pampando nthawi yaitali ndikuyang'ana ma L anayi ndi W imodzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuika marauta m'nyumba za anthu ndikuganiza kuti mabowo asanu aja ndi a rauta, kuti Linux imene ili mkatimo imawaona onse. Siiwaona.

## Muli makina awiri m'bokosimo

Purosesa ya rauta yotchipa ilibe makhadi a netiweki asanu. Kawirikawiri ili ndi imodzi kapena awiri. Mabowo amene mumaona kumbuyo ndi a kachipangizo kena, switch, nthawi zina chip yapayokha pa bolodi, nthawi zina yoikidwa m'phukusi limodzi ndi purosesa monga MT7530 imene ili mkati mwa MT7621. Switch imeneyi ili ndi mapoti 0 mpaka 4 opita kunja, ndi poti 6 imene siituluka panja, imapita kwa purosesa. Imagwira ntchito yokha. Imaphunzira yokha ma adiresi a MAC, nambala zodziwira khadi ya netiweki iliyonse, imatumiza yokha mapaketi kuchoka pa poti ina kupita pa ina, purosesa isakudziwa n'komwe. Laputopu ikamatumiza fayilo ku pulinta pa kebulo, Linux siiona kalikonse.

Ndi chifukwa chake zinthu zingathe kudutsa purosesa isanadzuke. Ndipo ndi chifukwa chake kwa Linux yopanda driver ya switch, khodi yoiuza mmene ingalankhulire ndi chip, rauta yonse ili ndi khadi imodzi basi, eth0, siidziwa kuti paketi iyi yalowera pa bowo liti, siidziwa kuti kebulo yazulidwa, siingatseke bowo limodzi n'kusiya ena.

Kulankhula ndi switch kumachitika pa kanjira kena kapadera, nthawi zambiri MDIO, mawaya awiri chabe, wina wa wotchi wina wa deta. MDIO inapangidwira tinthu tating'ono, ma adiresi 32, iliyonse ma register 32, timalo tosungamo manambala, a ma bit 16. Switch ili ndi ma register ambirimbiri a ma bit 32, sangakwane mmenemo, ndiye kampani iliyonse inapeka njira yakeyake yowapanikiziramo. Ya MT7530 imakhala pa adiresi 31, umayamba walemba nambala ya tsamba, kenako theka la mmunsi la nambala yako, kenako theka la mmwamba. Marvell ili ndi njira yake, Qualcomm Atheros yake, Broadcom nthawi zina imadutsira pa SPI, Realtek ili ndi kanjira kake kotchedwa SMI. Palibe mgwirizano. Driver iliyonse imayambira pamenepa, pa ntchito yotopetsa yongofuna kuwerenga nambala imodzi molondola.

## Mmene tinkachitira ndi swconfig

Amene munayamba kusewera ndi OpenWrt kalekale mukukumbukira eth0.1 ndi eth0.2. OpenWrt, Linux yaulere imene anthu amaika mu rauta m'malo mwa firmware ya fakitale, inabadwa mu 2004 kuchokera ku khodi ya Linksys WRT54G, ndipo vuto la switch linalipo kuyambira tsiku loyamba. Yankho limene linakhazikika linali kachida kotchedwa swconfig. Nzeru yake inali yakuti switch uiuze kuti mapoti awa ndi gulu limodzi, VLAN 1, poti iyo ndi gulu lina, VLAN 2, ndipo paketi iliyonse yopita kwa purosesa iziikidwa tag ya 802.1Q, kachizindikiro konena gulu lake. Linux ikaona tag 1 imati za LAN, ikaona tag 2 imati za WAN. Mu fayilo ya network munkakhala mzere wa manambala monga 0 1 2 3 6t, ka t kaja kutanthauza kuti poti ya purosesa ilandire zokhala ndi tag.

Zinkagwira, sindikunyoza, ineyo ndadyera swconfig zaka zambiri. Koma manambala aja sankagwirizana ndi zolembedwa pa bokosi, pa rauta ina poti 1 ndi LAN4, pa ina purosesa ili pa 0, pa ina pa 5, pa ina pa 6 kapena 8, ndipo ukaphonya manambala wadzitsekera panja wekha. Chachikulu n'chakuti swconfig siinalowe mu kernel yeniyeni, mtima wa Linux umene aliyense amatengako. Inaperekedwa mu 2013, osamalira za netiweki mu kernel anaikana, mfundo yawo inali yakuti poti iliyonse ya switch izioneka ngati khadi ya netiweki wamba kuti zida zimene zilipo kale, ip, bridge, ethtool, zizigwira popanda kupeka chida chatsopano. Ndiye kwa zaka zambiri anthu a OpenWrt ankasenza okha ma driver awo, kernel yatsopano ikatuluka kuwasokanso kuti akwane.

Nditamva nkhaniyi koyamba ndinkaona ngati ndi kuuma mtima kwa akuluakulu a kernel. Pano ndili mbali yawo.

## Katundu wa pa Intercity

Njira imene kernel inasankha inali ilipo kale, imatchedwa DSA, Distributed Switch Architecture. Lennert Buytenhek anailemba mu 2008 chifukwa cha ma switch a Marvell, n'kukhala zaka zingapo osaigwiritsa ntchito anthu ambiri, mpaka anthu ngati Florian Fainelli, Andrew Lunn ndi Vivien Didelot anaidzutsanso cha m'ma 2014, ndipo mu 2015 munalowa switchdev, imene imalola kernel kupatsira switch ntchito zina kuti izichite yokha.

Chinsinsi chake ndi tag ina, osati ya VLAN ija, koma ya switch mwiniwake. Mukatumiza katundu pa basi ya ku Chipata pa Intercity, kondakitala amamata tepi pa katoni n'kulembapo ndi maka kuti Nyimba, Petauke, Katete, ndipo katoni ikafika tepi ija imachotsedwa, mwini katundu alibe nayo ntchito. Switch imachita zomwezo pa waya wa pakati pa iyo ndi purosesa. Paketi yochokera panja imamatidwa kachizindikiro konena kuti yalowera pa poti 2, Linux imawerenga, imachotsa, n'kuipereka ku khadi yotchedwa lan2. Paketi yotuluka Linux imaimata kuti itsikire pa poti 4 yokha, switch imamvera. Ya MediaTek ndi ma byte 4 oikidwa pambuyo pa adiresi ya MAC ya wotumiza, ya Broadcom 4, ya Qualcomm Atheros 2, Marvell ili ndi ya 4 ndi ya 8. Kwa ma chip amene alibe tag yawoyawo, Vladimir Oltean anabweretsa mu 2019 njira yobwereka ma VLAN kuti agwire ntchito yomweyo.

Ndiye driver ya DSA ili pawiri. Kachigawo kakang'ono komata ndi kuchotsa tag, ka MediaTek kali mu net/dsa/tag_mtk.c ndipo mungakawerenge konse tiyi asanazizire. Kenako chigawo chachikulu mu drivers/net/dsa/mt7530.c, chimene chimayankha mafunso a kernel, poti iyi yalowa mu bridge, gulu la mapoti olankhulana, uchite chiyani, VLAN iyi yawonjezedwa ulembe register iti, adiresi iyi ya MAC uiike pati mu tebulo lako, poti iyi itsekedwe. Driver imeneyi inalowa mu kernel mu 2017, anailemba Sean Wang wa ku MediaTek komweko, ena n'kudzawonjezera MT7621 pambuyo pake.

Ndinaiwerenga usiku, laputopu ili pa batire, ndikusaka chinthu chimodzi, kuti ikangoyamba imatani ndi magulu amene bootloader yasiya. Mu setup imayamba yabwezeretsa switch yonse pachiyambi, imawerenga register ya chizindikiro kuti itsimikize kuti yayankha 7530, kenako imazungulira mapoti onse n'kufufuta mndandanda wa kumene poti iliyonse ikuloledwa kutumiza. Palibe poti yolankhula ndi inzake mpaka wina atanena momveka kuti awa ali mu bridge imodzi. Firmware ya fakitale ija inkayamba ndi zotsegula n'kumatseka pambuyo, iyi imayamba ndi zotseka.

China chimene ndinachikonda, driver ikakhala kuti siidziwa kuchita chinthu china pa chip, sikuti zonse zaima. Mapoti amakhalabe makhadi wamba, ndiye purosesa imagwira ntchitoyo yokha, pang'onopang'ono koma molondola. Munthu angayambe ndi driver yosadziwa zambiri, yongodzutsa mapoti ndi kumata ma tag, n'kumawonjezera zina mwezi ndi mwezi. Kwa munthu wophunzira yekha madzulo akaweruka, kusiyana kwake n'kwakukulu kwambiri.

## Ntchito imene inatsalira ine

Driver sindinalembe ine, inalipo kale, ndipo OpenWrt inasamutsira MT7621 ku DSA mu version 21.02 imene inatuluka mu 2021. Chimene chinalibe ndi bolodi ya alamuyi pa mndandanda. Kernel imafuna kuuzidwa kuti switch ili pati, mapoti ake alumikizidwa bwanji, dzina la lililonse ndani, ndipo zimenezi zimalembedwa mu device tree, fayilo ya dts.

Poyamba ndinakopera flash yonse n'kuisunga malo awiri, makamaka chigawo chotchedwa factory mmene muli ma adiresi a MAC ndi manambala a fakitale oyendetsera WiFi, chimenecho chikafufutika simungachipeze pa intaneti, n'cha bolodi imeneyo yokha. Kenako ndinatenga dts ya rauta ina ya MT7621 yofanana nayo kukula kwa flash, n'kuyamba kusintha. U-Boot ya mabolodi awa ili ndi menyu, nambala 1 imakoka firmware pa netiweki kudzera pa TFTP n'kuiyendetsa mu RAM osakhudza flash, ndiye ukhoza kuyesa kambirimbiri, zikakanika umangozimitsa n'kuyatsanso. Nambala 9 imalemba bootloader yatsopano. Chala chisayandikire pamenepo.

Kupeza kuti bowo liti ndi poti iti n'kosavuta moseketsa pa DSA. Umapatsa mapoti onse maina ongoyembekezera, umatenga kebulo imodzi, umailowetsa bowo loyamba, kernel imalemba yokha pa serial kuti yakutiyakuti Link is Up, 1Gbps, Full. Umalemba pa pepala, umasuntha kebulo. Mphindi zochepa mapu onse ali m'manja, buluu ndi port@0, LAN1 mpaka LAN4 ndi port@1 mpaka port@4, ndendende mmene ndinaganizira. Mu dts poti iliyonse imangofuna status okay ndi label. Zotsala zinali magetsi a kutsogolo ndi batani la reset, kusaka GPIO yake, phini la purosesa limene chalumikizidwako, imodziimodzi, imeneyo ndiyo inadya nthawi yambiri ndipo palibe chosangalatsa choti ndikuuzeni.

Pa MT7621 pali kamwayi kena, poti 0 kapena 4 ingathe kulambalala switch n'kupita molunjika ku khadi yachiwiri ya purosesa, kuti WAN isamapanikizane ndi LAN pa waya umodzi, ndipo mabolodi ambiri mu OpenWrt yatsopano anaikidwa choncho. Ine ndinasiya dala onse asanu pa switch. Intaneti ya pashopu siifika n'komwe pafupi ndi gigabit, ndipo ndinali ndi pulani ina ndi mapotiwo.

## Tepi pa bokosi

OpenWrt italowa, vuto linachepa lokha. Driver ikabwezeretsa switch pachiyambi link imagwa n'kudzukanso, laputopu imapemphanso adiresi, dnsmasq, kapulogalamu kogawa ma adiresi mu OpenWrt, imaikaniza yakale ija n'kuipatsa yoyenera. Koma mpata uja wa bootloader unalipobe, masekondi angapo pamene pulinta ndi malaputopu a shopu zili pa waya umodzi ndi kunja. Kukonza kwenikweni n'kusintha bootloader, ndipo ine kuika rauta yokhayo ya alamu pa chiswe chifukwa cha zilembo zisanu, ayi.

Ndiye ndinangogonjera bootloader. Ikufuna kuti poti 4 ikhale WAN? Chabwino, ikhale. Mu /etc/config/network ndinachotsa lan4 pa mndandanda wa br-lan, bridge ya zinthu za m'kati, n'kuikapo wan, kenako interface ya intaneti ndinaiuza kuti device yake ndi lan4. Mizere iwiri. Popeza poti iliyonse ndi khadi payokha, dzina lake ndi dzina chabe, ungaipatse ntchito iliyonse. Manje kuyambira sekondi yoyamba magetsi akalowa, bowo la kampani ya intaneti lili palokha, anayi enawo ali pamodzi, bootloader ndi Linux zikunena chimodzi.

Nditabweza rauta, alamu anayang'ana ndikulowetsa kebulo ya intaneti pa bowo lachikasu lomaliza, ya pa kauntala pa la buluu.

"Alamu, mwasokoneza. Ya buluu ndi ya intaneti, ngakhale ine ndikudziwa."

Ndinawauza kuti azimitse jenereta ayatsenso. Anatero. Pulinta inabwera yokha. Anazimitsanso, osakhulupirira, inabweranso. Sanafunse zambiri, anangotenga tepi ya pepala ija amamatira ma binding, n'kumata pamwamba pa mabowo awiriwo, kulemba ndi bolopeni INTANETI APA, ndi pa buluu paja OSATI APA. Mtsikana wa pa kauntala anafunika kebulo yaitaliko, ndi ndalama yokhayo imene inatuluka.

Tsiku lomwelo ndinangoyesa ethtool, chida choonera liwiro la link, pa poti iliyonse, poti manje zinali zotheka, n'kupeza kuti laputopu imodzi yakhala ikuyenda pa liwiro la 100 m'malo mwa 1000, gigabit. Gigabit imafuna mawaya onse 8 a mu kebulo, 100 imakhutira ndi 4, ndiye waya mmodzi akaduka zinthu zimagwirabe koma mwaulesi ndipo palibe amene amadziwa chifukwa chake. Tinadula mutu wa kebulo n'kuphana wina. Anyamata a kumbuyo ankati laputopu imeneyo ndi yokalamba, ankafuna kuigulitsa.

## Zowawa zake zilipo

Ndisakunamizeni kuti DSA ndi uchi wokhawokha. Amene anali ndi rauta ya MT7621 pa OpenWrt 19.07 n'kukwera ku 21.02 anauzidwa kuti makonzedwe akale a netiweki sangasamuke nawo, ayambirenso. Malangizo ambiri amene mungapeze pa intaneti ndi pa YouTube akadali a swconfig, munthu amatsatira bwinobwino n'kudabwa kuti tsamba la Switch mu LuCI, poyendetsera OpenWrt pa browser, kulibe. Ma VLAN manje amalembedwa pa bridge, lan1:u* kapena lan3:t, ndipo tsiku loyamba zimazunguza mutu. Kusamukako kunachitikanso pang'onopang'ono, banja ndi banja la ma chip, ipq40xx inasamuka mu 23.05 pamene marauta ambiri a ath79, aja a TP-Link akale amene adzaza m'nyumba zathu, anali adakali pa swconfig. Ndiye munthu wokonza netiweki kuno uyenera kudziwa zonse ziwiri, ndipo uyambe wafunsa rauta kuti ili mbali iti usanakhudze kalikonse.

Chowawa kwambiri si cha kernel, n'cha opanga ma chip. Mabuku ofotokoza ma register ambiri saperekedwa poyera, amafuna kampani isaine pangano la chinsinsi. Ma driver angapo amene tili nawo anachokera kwa anthu amene anakhala pansi kufukula khodi yakale ya ma firmware, kuyerekeza, kuyesa. Ya Broadcom yotchedwa b53 inayambira mu OpenWrt kwa Jonas Gorski isanasamutsidwire ku DSA mu 2016, qca8k ya John Crispin inalowa chaka chomwecho, ya Realtek RTL8366RB anailemba Linus Walleij mu 2018, ndipo rtl8365mb ya Alvin Šipraga inadzabwera mu 2021. Taonani mipata ya zakazo. Ma chip ena mwa amenewa anali ali m'nyumba za anthu kalekale driver isanafike.

Kwa anzathu a kunja mwina ndi zosewera za kumapeto kwa sabata, rauta ikakalamba amataya n'kugula ina. Kuno zotayidwazo ndi zimene zimafika m'mashopu athu, kampani itasiya kale kutulutsa firmware yake, zibowo za chitetezo zili yasa. Rauta yotere moyo wake wachiwiri umadalira ngati chip yake ili ndi driver mu kernel yeniyeni, chifukwa driver ya mmenemo imasamalidwa limodzi ndi kernel yonse, wina akasintha za mkati amakonzanso ma driver onse okhudzidwa, pamene khodi ya fakitale imaumira pa kernel imene inabadwira. Masiku ano mnzanga akandituma kuti ndimusankhire rauta sindiwerenganso tinyanga. Ndimaima pa kauntala ndi foni, kusaka dzina lake ndi nambala ya version pa mndandanda wa OpenWrt, chifukwa dzina lomwelo v2 ndi v3 zingakhale ndi ma chip osiyana kotheratu, ndipo ya flash ya 4 MB ndi RAM ya 32 MB ndimaisiya ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo bwanji. Anyamata ogulitsa amandiona ngati wovuta.

## Patch ikadali pa laputopu

Dts ija ndikufuna kuitumiza ku OpenWrt kuti wina amene anagula bokosi lomweli asadzawotcherere mapini. N'chifukwa chake maina a mapoti mu dts ndinawasiya mogwirizana ndi zolembedwa pa bokosi, wan pa buluu, kusinthanitsa kuja kuli mu config ya pashopu yokha, ndipo za LLLLW ndazilemba mu uthenga wa commit kuti wogula adziwe. Amafuna zambiri ndithu, mndandanda wa zonse zili pa bolodi, kumene adiresi ya MAC iliyonse ikuchokera mu flash, mzere wa Signed-off-by wokhala ndi dzina lako lenileni, ndi njira yoikira firmware.

Njira yoikirayo ndi imene yandigwira. Pakadali pano ndimadziwa ya serial yokha, kutanthauza sikuludiraiva ndi chowotcherera, ndipo anthu ambiri sangafike pamenepo. Tsamba la firmware ya fakitale limakana fayilo yanga, likuoneka kuti limayang'ana kamutu kena kumayambiriro kwa fayilo, ma byte angapo amene ndikuwayerekezabe ndi kopi ya flash ija ndinasunga. Kuti ndiyese bwino ndikufunika bokosi lachiwiri la mtundu womwewo lokhala ndi firmware yake yoyamba, chifukwa la alamu manje salola kuti lichoke pashopu ngakhale ola limodzi. Mnyamata amene anawagulitsa uja akuti anali nawo atatu, awiri anapita ku Kabwe, ndamusiyira nambala.